Mdala wometa ndi mapositikhadi ake

Kunamveka kuti mdala wometa wa kuseri kwa depoti wapenga, ati mapositikhadi akale aja amudya mutu. Umboni unalipo: tsiku lina ananyamula khadi la mlatho n'kuuza kasitomala kuti, "Uyu ndi namwino, taonani kumwetulirako." Anthu anaseka mpaka wina kutsamwa. Koma mdalayo sanapenge ayi. Mutu wake ndi wabwino kuposa wa ena ankasekawo.

Makhadiwo anayamba kutolera tsitsi lidakali pamutu pake. Ena ankawapeza m'mabuku akale ogulitsidwa pansi, ena kwa anthu otaya katundu wa malemu. Anzake akugula njinga, iye ankagula mapepala achikasu onunkha mphemvu. Khadi lililonse ankalifufuza: analemba ndani, ankapita kuti, anabwerako kapena ayi. Ukakhala pampando wake unkametedwa mutu ndi makutu omwe, poti nkhani za makhadiwo sizinkatha.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti maso ake anali atazima pang'onopang'ono. Sanauze munthu, ngakhale mwana wake, poopa kulandidwa kiyi wa shopu. Kumeta ankameta ndi zala, poti mitu yonse ya m'deralo ankaidziwa mabampu ndi zipsera zake. Makhadi ankawadziwa ndi malo ake m'bokosi la nsapato: kutsogolo sitima, kenako namwino, kenako hotela ina imene inapsa.

Ndiye kunabwera mpongozi wake, mkazi wa mwana wake, mayi waukhondo woopsa, woti ntchentche ikamuona imapempha njira. Anasesa, anakolopa, n'kupukuta khadi lililonse, aakulu kuwaika paokha, aang'ono paokha.

"Bambo, mwaona mmene ndakonzeramu?"

"Ndaona, mayi. Mwagwira ntchito," anayankha mdalayo, zala zikupapasa m'bokosimo.

Basi zinathera pomwepo. Nkhani zonse zili m'mutu, makhadi onse ali m'bokosi, koma sizikumananso. Akanapempha munthu kuti amuuze chili pakhadi, koma kutero kukanakhala kudziulula. Anangoyamba kulota. Hotela inasanduka msilikali, sitima inakwatiwa.

Makasitomala anayamba kudutsira tsidya lina la msewu. Ndani angapereke khosi lake kwa wamisala wogwira lumo? Ngakhale telala wa khomo loyandikana, mnzake wa kalekale, anayamba kusunga ndevu, ati ndi fashoni. Mdalayo ankatsegulabe m'mawa uliwonse, kupukuta galasi limene sankalionanso, n'kukhala yekha pampando wa makasitomala, bokosi lili pamiyendo. Chimene ankabisira matendawo chinapita ndithu, iye akadabisabe.

Potsiriza mwana wake anabwera, n'kuima pakhomo nthawi yaitali, bambo ake osatembenuka.

"Bambo, ndine. Anthu akuti mwapenga. Tiyeni kuchipatala."

Mdalayo anapisa m'thumba, n'kutambasulira dzanja kumbali kumene kunalibe munthu.

"Ukawauze anthu akowo kuti wopenga amaona. Ine sindikuona. Tenga kiyi."