Muli ndi Munali

Tsiku loyamba kuwaona ndinawathamangitsa. Anaima pakhomo pa ofesi yanga thalauza lili matope mpaka m'mawondo, dzanja lina botolo la ambululu, lina mapepala onyowa m'mphepete. Pansi ndinali nditangokolopa kumene.

"Achimwene, ngati mwabwerera mipope, zungulirani kuseri," ndinatero.

Anaseka mwamanyazi, nati si okonza mipope ayi, ndi mphunzitsi watsopano wa zachilengedwe, ndipo amva kuti wotayipa wa pakoleji pano ndine. Manyazi anandigwira. Ndinawayalira nyuzipepala pampando, ndipo kuchokera tsiku lomwelo ndinayamba nawo ntchito imene inatikalambitsa tonse awiri.

Ophunzira ankawatcha Bambo Chule, ndipo dzinalo linawakanirira mpaka imvi. Kumunsi kwa koleji kunali dambo, ndipo m'dambomo munali kachule kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu, kolira ngati supuni ikugogoda botolo. Iwo ankati kachuleko kakasiya kulira, ndiye kuti madzi a m'zitsime za kumunsi konse adwala. Ankafuna kukafufuza mozama, apate digiri ya udokotala, kuti akamati dambo lisagulitsidwe, eni mzinda azimva. Pakuti munthu wopanda chipewa chachikulu cha udokotala chija, ngakhale anene zoona, amangomuyankha kuti zikomo.

Koma kafukufuku amadya ndalama, ndipo thandizo lake linkalimbiranidwa ngati madzi a pachitsime m'chilimwe. Chaka chilichonse bungwe lina lakutali linkalengeza mwayi, anthu ochuluka n'kulemba, osankhidwa n'kukhala owerengeka pazala. Pankafunika ndondomeko ya kafukufuku yosapitirira masamba amene anenawo, makalata a umboni ochokera kwa mapulofesa, ndi mphunzitsi wamkulu wovomera kukuyang'anira. Bambo Chule ankathamangira zonsezi ngati wokonza ukwati. Pulofesa wina ankawauza kuti bwerani mawa mpaka tsiku lotsekera litayandikira, kenako n'kulemba mizere itatu, dzina lawo n'kulilakwitsanso.

Ankakhala pambali panga akunena, ine ndikumenya makina. Chiganizo choyamba sichinkasintha, ndipo ndinachiloweza ngati pemphero: "M'dambo la kumunsi kwa koleji muli mitundu yambiri ya achule." Yankho nalonso silinkasintha. Ankati zolemba zanu n'zabwino ndithu, koma abwino anachuluka, yesaninso. Iwo ankapinda kalatayo, n'kundiuza kuti, "Achemwali, musataye kaboni. Tidzamufuna."

Akazi awo, mayi wosoka zovala, ankabwera nthawi zina kudzawapatsa ambulera imene aiwala.

"Inu otayipa, mwamuonako mkazi mnzanga?" ankandifunsa. "Amene amawabweza kunyumba atanyowa uja. Ine amandibweretsera matope okha, chikondi chimatsala kudambo."

"Walira mvula walira matope, mayi," amuna awo ankayankha.

"Ndinalira mvula ine? Ndinalira mwamuna!"

Chaka china anafika pafupi. Anaitanidwa kukaonekera pamaso pa oweruza. Akazi awo anawasokera jekete, ine ndinawabwereka chikwama cha malemu amuna anga. Atabwerako ndinaona kuyenda kwawo pazenera, sindinafunsenso. Anandifotokozera okha. Oweruza anafunsa kuti kachule kameneka kali ndi phindu lanji kwa anthu. M'malo moyankha za zitsime monga tinakonzera, mtima unawatsogolera, anatola supuni ya tiyi n'kugogoda tambula kuti akuluakuluwo amve kulira kwake. Mmodzi anaseka, wina anayang'ana wotchi. Thandizo linapita kwa mtsikana wofufuza za utsi wa m'mafakitale.

"Anayankha bwino mwanayo," anatero, akuvula jekete. "Ndikanakhala ine woweruza, ndikanampatsanso iye."

Dambo silinadikire. Poyamba anabwera oumba njerwa, kenako mpanda wa malata, kenako magalimoto otaya dothi lofiira. M'chiganizo chathu chija tinachotsa "yambiri" n'kuikapo "ingapo". Makina anga anawatenga n'kundipatsa kompyuta, mapepala anasiya kupita papositi, ndipo tinkakhalira kudikira netiweki tsiku lotsekera, tikuyang'ana kachizindikiro kakuzungulira ngati nkhuku yodwala chitopa. Iwo magalasi anakhuthala, ine zala zinayamba kuuma. Ophunzira awo ena anapita kunja, nabwerako ali madokotala, n'kumawapatsa moni mwaulemu m'khonde: "Aphunzitsi, mukadali pomwepa?"

Chaka chomaliza kulemba, anakhala pampando wawo uja n'kuyamba monga mwa masiku onse. Ndinatayipa chiganizo choyamba osawadikira. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Achemwali, fufutani 'muli'. Lembani 'munali'."

"Achimwene, mukatero akupatsani chiyani? Ndani angalipire munthu kukafufuza zimene kulibe?"

"Ndapitako mvula yonseyi. Sindinamve ngakhale kamodzi. Ndilembe bodza?"

Ndinawauza kuti "munali" ndi mawu oyambira nthano, si a kafukufuku. Anati n'chimodzimodzi, nthano yake ndi imeneyi. Ndinafufuta. Zilembo ziwiri zokha ndinaonjeza, koma zinandilemera kuposa masamba onse amene ndinawatayipira. Tinatumiza choncho. Yankho linabwera lofatsa ngati kale, koma mmunsi munali mzere watsopano wonena kuti zaka zawo zapitirira malire a olembetsa. Nditawasindikizira kalatayo, sanaipinde. Anaisiya patebulo panga, natuluka kukaphunzitsa, chifukwa belu linali litalira.

Anaphunzitsabe mpaka kupuma. Sanawawidwe mtima ndi munthu, koma anatopa, kutopa kumene tulo sitichotsa. Pamene panali dambo anamangapo siteji ya mabasi ndi mashopu. Akazi awo anatsogola, iwo n'kukakhala kwa mwana wawo wamkazi, m'kachipinda koyang'ana kumsewu, makaseti a kulira kwa achule ali m'katoni pansi pa bedi, wailesi yoimbira makasetiwo itafa kalekale.

Mvula ya chaka chathachi isanathe, tinakumana kuchipatala, aliyense ndi matenda ake a ukalamba. Pobwerera tinatsikira pasiteji paja kuti tikwere basi ina, ndipo mvula inatitsekereza pakhonde pa shopu ya matayala. Tinakhala pabenchi. Makondakitala ankakuwa, madzi akuda akuthamanga m'ngalande ndi mapepala apulasitiki. Mvula itayamba kukata, anandigwira mkono mwamphamvu.

"Mwamva?"

Ndinati ndi anyamata a matayala akugogoda zitsulo. Anapukusa mutu, nakweza chala. Ndinatchera khutu. Kuseri kwa shopu, kumene ngalande imalowa pansi pa msewu, kunamveka supuni ikugogoda botolo. Inaleka, n'kuyambanso. Kanali kamodzi kokha, kopanda koyankha.

Anayesa kudzuka kuti akaone, mawondo anakana. Anakhalanso pansi akupuma mwabefu, maso ali kungalande.

"Achemwali," anatero, "bwezeranipo 'muli'."

"Ndibwezere pati, achimwene? Makina ndinasiya kale, ndipo kotumiza kulibe."

"Ingolembani."

Ndinanyowetsa chala m'madzi odontha padenga, n'kulemba pabenchi pakati pathu, zilembo zinayi. Anavala magalasi, naweramira pafupi kuona ngati sindinalakwitse, monga ankachitira kale. Basi yathu inabwera n'kupita. Tinakhalabe pomwepo mpaka thabwa linauma.