Kuthawa Yohane mpaka ku Hawaii

Mlongo wanga Tadala, namwino kuno ku Glasgow, wabereka mwana wamwamuna. Ine monga malume ndinaitanidwa Lachiwiri ku Shawlands, komwe Tadala amakhala, kukaweruza mlandu wa dzina. Anasankha ine chifukwa ndimapezeka nthawi zonse. Koleji ndinaisiyira panjira kuti aphunzitsi apumeko.

Mlandu unali wotere. Apongozi ake a Tadala, bambo Yohane a ku Dedza, ananena pafoni kuti mdzukulu atenge dzina lawo, apo ayi za ubatizo asawauze n'komwe. Tadala anati kuchimunako a Yohane alipo kale okwana timu ya mpira, wakeyu ndi Keoni, dzina la ku Hawaii lomwe analiona pa intaneti ali woyembekezera. Alamu anga, bambo a mwanayo, anali kukhitchini, akupukuta mbale youma kale.

Nditamufunsa tanthauzo lake, Tadala anati mwina ndi mafunde, mwina kamphepo ka kunyanja, bola likukoma m'khutu.

Si mmene tikuchitira ambirife? Kwathu dzina limanena zimene banja ladutsamo. Ukamva Mavuto, sufunsanso. Kuno tikufuna loti aphunzitsi a ku Easterhouse alitchule osadziluma lilime, tanthauzo tidzalifufuza mwana akayamba kuyenda.

Ndinachita kafukufuku wozama, kutanthauza kuti ndinatulutsa foni m'thumba. Abale anga, Keoni ndi John m'chinenero cha ku Hawaii. Linafika kumeneko pa sitima ndi azungu, monga linafikira kwathu. Mlongo wanga anathawa Yohane, kuwoloka nyanja ziwiri, n'kukamupeza atakhala pansi pa mtengo wa kokonati, akumudikira.

Tadala anaseka mpaka mwana kudzuka. "Achimwene, mwandipereka," anatero, akupukuta misozi.

Tinaimba ku Dedza. Ndinafotokoza pang'onopang'ono, ndi mawu a munthu amene anaona khomo la koleji. Akuluwo anafunsa ngati anthu a ku Hawaii amapemphera. Ndinayankha kuti Baibulo ali nalo.

"Ndiye dzinalo ndi langa lomwe," anatero. "Auzeni abusa abatize."

Mlandu ndinautseka, alamu anga n'kutuluka m'khitchini.

Koma dzulo apongozi aakazi a Tadala anaimba kudandaula. Akuti pakhomo akaitana kuti a Yohane, akuluwo sakutembenuka. Kutchalitchi adziwitsa kale akulu ampingo anzawo kuti kuyambira tsopano iwo ndi a Keoni Wamkulu.