Yohane ndi Milu Itatu ya Nsapato

Ntchito yanga yoyamba anandipezera azakhali, ku eskolinya, sukulu ya mkaka ya tchalitchi, ku Ntengo-Wambalame. Ankafuna wothandiza kuphunzitsa ana aang'ono, ine ndinali nditangosiya sukulu, mutu uli gwa kuti ndikudziwa zonse. Anandipatsa jizi, choko cholembera pa bolodi lomwe tinkalitcha kwadru, mphasa zokhalira ana, ndi chitini cha zitsekerero za mabotolo zowerengetsera.

Anandipatsanso Yohane. Anamwino anati ali ndi autizimu, koma palibe anandiuza chochita naye. Sankayang'ana munthu m'maso. Ndikamufunsa dzina, ankandibwezera funso lomwelo ndi mawu anga omwe, ana n'kufa nazo nseko.

Vuto lalikulu linali nsapato. Ana ankavula pakhomo, ndiye Yohane m'malo mokhala pamphasa ankazisankha milu itatu: zazikulu, zapakati, zazing'ono, monga amachitira amake posankha mbatata ya kachewere. Poweruka chinali chipwirikiti. Wina ankapita kwawo atavala zamanzere zokhazokha.

Makolo atadandaula, a diretora, mkulu wa sukuluyo, Dona Fernanda, anandiuza kuti, "Pofika sexta-feira akhale pamphasa ndi anzake. Apo ayi, abwerere kwawo."

Amake atamva anangoti, "Ndiye ndizimutsekera m'nyumba ndikamapita kudimba. Nanga nditani, profesora?" Mawu amenewo anandipweteka kwambiri.

Lachisanu, sexta-feira ija itakwana, nzeru zanga zinali zobisa nsapato zonse m'thumba. Yohane atapeza pakhomo pali mbee, anakuwa, natseka makutu, nalowa pansi pa tebulo. Ndinaimba nyimbo, ndinamupatsa zitsekerero, osatheka. Dona Fernanda analowa ine thukuta lili kamukamu, osadziwa kuti ndigwire mwana kapena ndithawe.

Kenaka Yohane anatuluka yekha pansi pa tebulopo. Anagwira a diretora kapulana, chitenje chawo chija, nawakokera kumbuyo kwa kalasi. Iwo anadabwa, koma anapita. Yohane anabwerera kudzatenga ana aatali n'kuwaika pomwepo, apakati pakati, ang'onoang'ono kutsogolo. Nsapato zitasowa, anayamba kusankha eni ake! Ine anandiyang'ana kumapazi nthawi yaitali, nandiika pa tiana tating'ono. Chonsecho ndine wamtali kuposa a diretora.

Atamaliza anayang'ana milu yake, napeza mpata pa mulu wapakati, nakhala pansi pamphasa, phewa kukhudzana ndi la mnzake.

"Pronto, wakhala," anatero Dona Fernanda ali kumbuyo komweko. "Atsale. Koma ine ndinyamuke kapena ayi?"

Kuyambira tsikulo, kukhazika ana pamphasa inakhala ntchito ya Yohane, ndipo ndinaphunzira kuyamba ndaona chimene mwana akuchita ndisanamulande. Koma za mulu wanga zinkandizungulirabe mutu, mpaka ndinafunsa amake.

Anaseka mpaka kugwira chitseko. "Zazikulu timagulitsa kwa a malole, zapakati timadya. Zing'onozing'onozo n'zambewu, profesora. Zimenezo Yohane salola munthu kuzichotsa pakhomo."