Mfuti Imene Amayi Anakulunga M'mphasa

Ndikukumbukira chaka chimene ndinadana ndi Vitumbiko Mhango popanda chimene anandilakwira. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Area 25, nyumba yathu ndi yawo zitangolekana ndi mpanda wa udzu. Mumzere wathu wonse nyumba za mfuti zinali ziwiri basi, ya a Mhango, bambo ake a Vitumbiko, ndi yathu. Yathuyo inali ya malemu agogo, yoopsezera anyani kumunda ku Dowa, ndipo bambo ankaisunga pamwamba pa wadiropu. Sinalirepo m'tauni muno, koma ulemu umene inkandipatsa, eee! Pampira wachikulunga, osankha matimu tinali ine ndi Vitumbiko.

Kenaka ntchito ya bambo ya kufodya ku Kanengo inatha. Munthu amene ankaimba mluzu pometa ndevu anangoti zii. Ankakhala pakhonde tsiku lonse, tiyi n'kuzizirira m'kapu, osalankhula ndi munthu. Tsiku lina masana, bambo atachokapo, amayi anakwera pampando, n'kutsitsa mfuti ija, n'kuikulunga m'mphasa. Anaisenza pamutu ngati akupita kumaliro, nsonga yake ikuonekera, anzanga onse akuona. Anakaisiya kupolisi.

"Amayi, mwatichititsa manyazi!" ndinalira atabwerako. "Ya a Mhango ilipo!"

Anandikoka khutu mpaka linatentha. "Ya a Mhango ndi ya a Mhango. Katsuke mbale."

Kuyambira pomwepo dzina langa linasanduka Wamphasa, ndipo matimu ankasankha Vitumbiko yekha. Loweruka lililonse a Mhango ankapukuta mfuti yawo pakhonde, mwana wawo atawagwirira kansanza. Ine ndinkasuzumira pabowo la mpanda, fungo la oyilo likundilowa m'mphuno, nsanje ikundiwotcha pamtima. Ndinamupondera dala galimoto yake yamawaya. Ndinafika popemphera kuti akuba atibere, kuti amayi aone chimene anachita. Inde, ndinapempheradi, maso ali chitsinzinire.

Patapita zaka ziwiri, bambo atayamba ukalipentala ndipo mluzu utabwerera, zinthu zinasokonekera kwa a Mhango. Minibasi yawo inachita ngozi, nawonso anayamba kukhala pakhonde. M'mawa wina anadzipha ndi mfuti yawo ija. Dzulo lake anali atagula mbewu ya chimanga yoti akadzale, ndipo mapaketi ake anali akadali patebulo.

Akukweza bokosi m'lole yopita ku Rumphi, Vitumbiko anabwera pampanda paja, maso ali psuu.

"Iwe Wamphasa," anatero, osati mondiseka. "Mayi ako bwanji sanatengenso yathu?"



Zoona zake ndinazimva nditakula, bambo akupala thabwa ine nditawagwirira. Anati patangotha masiku atatu amayi atachotsa mfuti ija, iwo anadzitsekera kuchipinda n'kupisa dzanja pamwamba pa wadiropu. Anapeza fumbi lokhalokha. Anakhala pabedi atadzazidwa ndi ukali, mpaka anamva mlongo wanga akulirira pensulo yake panja, ndipo anatuluka kukamufunira.

"Maganizo aja anabwera n'kupita, mwanawe," anatero. "Chikanakhalapo chija, sakanapeza nthawi yopita."

Lero ndikudziwa kuti bambo sanali olimba mtima kuposa a Mhango. Onse awiri anafika pamalo amodzi, kungoti wina anapisa dzanja n'kupeza fumbi. Ndiye mnzanga akandiuza kuti akufuna mfuti yotetezera banja, ndimamufunsa kuti nanga tsiku limene iyeyo adzakhale pakhonde, tiyi akuzizira, adzamutengere ndani mfutiyo m'mphasa?

Bambo alipo, imvi mbuu, ndipo mluzu wawo ukusokosabe. Vitumbiko timakumana nthawi zina m'tauni. Amayamba n'kufunsa za bambo, ndipo ndikamuuza kuti ali bwino, amandiyang'ana momwe ine ndinkamuyang'anira pabowo la mpanda lija.