Filimu ya 127 M'thumba la Jekete

Kalata inati ndikasayine ku Leeds Lachiwiri m'mawa, monga ndinkachitira mwezi uliwonse popempha chitetezo m'dziko muno la Mangalande. Ndinachoka ku Wakefield ndili ndi kafilimu kosatsuka m'thumba la jekete, ka mtundu wa 127, kokulunga m'pepala ngati ndudu yonenepa. Kanachokera m'kamera ya malemu bambo. M'menemo munali zithunzi zokhazo za amayi, amene anamwalira ndili woyamwa. Otsuka zithunzi a ku Zomba onse anakakana, ati mtundu umenewu unatha kalekale. Koma ndinali nditapeza mdala wina ku Liverpool wodziwa kutsuka, ndiye ndimati ndikasayina ndikwere sitima.

Sindinasayine. Ogwira ntchito pa ofesi yosayinirayo anatseka chitseko n'kunena kuti, "Lero simubwerera kwanu."

Kumalo otsekerako anthu obwera m'dziko anandilanda lamba, foni ndi zingwe za nsapato. Mlonda wosecha anatulutsa kafilimu kaja.

"Ichi n'chiyani?"

"Filimu, bwana. Chonde musamatule. Kuwala kukangolowa, zithunzi zafa."

"Aliyense ali ndi chifukwa chake," anatero.

Anang'amba kapepala kamene bambo anamata ndi malovu awo. Anatambasula filimu yonse, n'kuikweza pafupi ndi babu kuti aone bwino.

"Mulibe chithunzi muno. Bodza lanu loyamba limenelo."

Ha! Munthu wamkulu ndi ndevu zake, osadziwa kuti filimu yosatsuka sioneka kanthu! Kufunsa kukanamuthyola mwendo? Ndinakalipa, sindibisa. Analemba kuti ndine wovuta.

Ndinakhalamo milungu isanu ndi umodzi. Ankatiwerenga katatu patsiku ngati mbuzi. Anandifunsa mafunso kawiri, ndipo kawiri konse anandikumbutsa kuti ndinanamapo kale za filimu.

Lachisanu lina masana anangoti, "Tengani katundu wanu." Chifukwa osanena, pepani osanena. M'jumbo munali lamba, foni ndi filimu yopindidwa ngati lisiti.

Ndinapitabe ku Liverpool. Mdala uja anaitsuka, kenako anatuluka atavula magalasi.

"Ndani anachita zimenezi?"

Inali bii, kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Anzanga a kutchalitchi amati ndithokoze kuti ndinatuluka. Ndimathokoza, inde. Koma mkwiyo wanga ausiye. Amayi anandidikira m'kapepala kaja zaka makumi atatu, nkhope yawo ili bwinobwino. Amene anaikweza nkhopeyo kumaso kwake ndi mlonda uja, ndipo anati mulibe munthu.