Utsi unatsala pang'ono kunditengera ana

Inu owerenga, mwana akayamba kusinza m'galimoto masanasana, musamafulumire kuyamika kuti wakupumitsani. Ine ndinayamika, osadziwa.

Amuna anga atagulitsa fodya anagula kagalimoto kakale konyamulira anthu kuchoka ku Chulu kupita ku boma. Sikanakhalitse, kanayamba kumwa petulo ngati kabooka, utsi wakuda bii, kanyali kachikasu n'kuyaka kuseri kwa chiwongolero. Makaniko wa pamsika anati vuto ndi sensa, kachitsulo komangidwa pa paipi ya utsi. Akuti kamanunkhiza utsiwo n'kuuza injini ngati petulo wachuluka kapena wachepa, ndiye kakafa injini imangothira mwakhungu. Anati tigule katsopano, amuna anga anati angokatsuka. Pokabwezera mazinga ake omangira anadyeka, basi makanikoyo anakamanga ndi waya.

Loweruka tinanyamuka kupita ku ukwati ku Kaluluma. Ana anga, Tadala ndi mng'ono wake Mphatso, ndinawaveka zoyera, ndipo poopa fumbi ndinatseka mawindo onse kuti gwa. Tili pamabampu galimoto inayamba kulira ngati thirakitala. Amuna anga anangoseka, amvekere, "Musaope amayi a Tadala, ikuchotsa chimfine."

Tadala anati mutu ukumupweteka, ndinamuuza agone. Mphatso amene sasiya bere analisiya yekha, khosi lili lende. Ndinamutsina, osalira. Nanenso m'maso munayamba kuchita mdima. Ndinakuwa kuti imani, iwo akuti tachedwa kale. Ndinatsegula chitseko galimoto ikuyenda, m'pamene anaponda buleki.

Anawo ndinawakokera m'munda wa ziputu za fodya, ndikuwakupiza ndi chitenje, ndikuitana mayina awo. Tadala anasanza. Mphatso anakhala, anakhala, kenako analira. Lole ya mabelo a fodya ndi imene inatifikitsa kuchipatala, komwe anati anawo apuma utsi woipa, ndipo tikanapitirira bwenzi tikunena zina. Kachitsulo kaja kanali katazuka, utsi unkatulukira pabowolo n'kumalowa pansi pa galimoto pamene dzimbiri linadya, pompo pamene panakhala ana.

Amayi anzanga, musamati za galimoto n'za abambo pamene mukukweramo ndi ana anu. Kanyali kakayaka funsani, ndipo chakufa chisinthidwe, osati kumangidwa ndi waya.

Ine makiyi ndinawamanga pamfundo ya chitenje changa. Apongozi anabwera kudzati ndachita mwano. Ndinagwada, ndinawamva, koma sindinamasule mpaka sensa yatsopano itamangidwa ndi pansi paja patawotcheredwa, ine ndili chilili pomwepo ndikuyang'ana.