Mayi Fotokope ndi Odwala Khumi ndi Awiri Osowa Papepala

Zoti Mayi Fotokope anamenya pulofesa wa nyamakazi ndi mulu wa mapepala kumaso n'zabodza, ndipo amene mukuyenda nayo nkhaniyi khomo ndi khomo takhalani pansi mupumule. Akanamumenya ndi manja ake ati? Munthu woti m'mawa amalephera kutsegula botolo la mafuta odzola, angakweze bwanji dzanja pa bambo wamtali ngati chitseko? Ena akuti anang'amba fomu n'kutafuna zidutswa zake. Komatu pakamwa pa anthu sipatopa.

Mayiwa agwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi m'kashopu ka fotokope koyang'anizana ndi geti la koleji. Sukulu anaisiyira panjira, koma madigiri amene adutsa m'manja mwawo ngosawerengeka. Amakopa, amaboola, amamanga mabuku a ophunzira n'kuwaveka zikuto zakuda. Ndipo ali ndi lamulo limodzi limene lawadanitsa ndi makasitomala ambiri: pepala likalowa m'makina, lituluke. Amawerenga asanaike, amawerenganso akatulutsa. Likasowa limodzi amatsegula makina mimba yonse mpaka alipeze, kaya iwe mayeso ako ayamba, kaya ukulira, zimenezo ndi zako.

Nyamakazi inawayamba mwakachetechete. Zala zinkadzuka zitauma ngati zagona pa chisanu, kenako mfundo zinatupa, mphete yaukwati n'kuchita kudula ndi kachitsulo. Kuchipatala chachikulu anawapereka kwa dokotala wina wamkazi, wamfupi, wamagalasi okhuthala, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Iyeyu anawapatsa mapilitsi akumwa kamodzi pa sabata, n'kumawatenga magazi mwezi ndi mwezi. Mawu ake anali amodzimodzi: "Tidikire pang'ono, mayi." Inatha miyezi isanu ndi umodzi akudikira. Kutupa kunachepa ndithu, koma sitepula yaikulu ija yomangira mabuku ankaidinda ndi chigongono.

Bwana wa shopu anaziona. Tsiku lina anaima kumbuyo kwawo, manja m'thumba, n'kuyang'ana mzere wa ophunzira wofika panja.

"Mayi, nyengo ya mayeso ikubwera. Ngati manja akukana, tinene poyera, ndifune wina."

Apa mpamene analowererapo amuna awo, a Dalaivala, munthu amene amadziwa chilichonse chifukwa chomvetsera zokamba mabwana kumpando wakumbuyo. Anamva za pulofesa wina, katswiri wa nyamakazi, n'kuwakokera akazi awo kumeneko. Ofesi yake inali pansanjika yachitatu, makoma atadzaza ziphaso m'mafelemu. Pulofesa anawagwira zala kamodzi, n'kunena kuti akuchita kafukufuku wa jakisoni watsopano, malo atsala amodzi, ndipo mayina atsekedwa Lachisanu 4 koloko masana. Koma wolowa ayenera kuyamba wasiya mapilitsi ake kwa milungu inayi. Anawapatsa fomu yoti akasaine.

Mayi Fotokope anabwerera nayo fomuyo kwa wamagalasi uja, mwamanyazi ngati mkazi wogwidwa akugula kwa mdani wa mnzake.

"Sindingakuletseni," anatero dokotalayo. "Jakisoniyo akhoza kukuthandizani kuposa mapilitsi anga. Koma mukasiya kumwa, nthenda ikhoza kudzuka, ndipo chala chikapindika sichibwerera. Amene anayesa kale jakisoniyo zinawathera bwanji, analemba m'magazini a madokotala. Kawerengeni. Zanganso zilipo, musandimvere chisoni."

Kuwauza mayi amenewa za mapepala kuli ngati kuitanira chidakwa ku ukwati. Lachitatu nthawi ya nkhomaliro, bwana atatuluka, anakhala pa kompyuta ya shopu n'kulemba dzina la pulofesa. Mitu ya zolemba zake inatuluka 112. Zimene zinalola kutseguka anazisindikiza zonse, makina mpaka kutentha. Za wamagalasi zinapezeka zisanu zokha.

Apa tisawabisire, analakwa ngati munthu wa fotokope. Anaunjika miluyo pansi n'kuiyeza ndi maso. Wa pulofesa unafika m'bondo. Wa mnzake uja unali ngati kope la mwana wa sitandade 2. Mayi anaseka okha, n'kusankhiratu cholembera chosainira, chabuluu, chosadontha.

Chinawasokoneza ndi ukhondo wawo womwewo. Sangasiye mapepala osamanga. Lachinayi anayamba kuwasanja, ndipo ngakhale Chingerezi cha madokotala chili ngati mafupa a nsomba pakhosi, mitu yokha ankaimva. Izi zoyesera mankhwala pa mbewa, uko. Izinso za mbewa, uko. Izi za maondo a osewera mpira, uko. Pofika 3 koloko, mulu wa mbewa unali utakula, ndipo zokamba za jakisoni uja pa anthu odwala ngati iwowo zinatsala zitatu. Pa zitatu zonsezo dzina la pulofesa linali kumapeto kwenikweni, pambuyo pa mayina ena khumi. Malo amenewo mayi amawadziwa bwino. Ophunzira angati anabwerapo akupuma befu kuti, "Mayi, chonde, onjezani dzina la abwana kumapetoko, sanaiwerenge koma akuti liyenera kukhalapo"?

Komabe zimenezo sanazitenge ngati mlandu, bwana ndi bwana. Chinawaimitsa mtima ndi kabokosi ka manambala patsamba lachinayi la pepala loyamba. Pamwamba panalembedwa kuti odwala amene anayamba kubayidwa anali 50. Patsamba lachisanu ndi chimodzi, pamene amanena za amene anapeza bwino, anthu anali 38.

Poyamba anaganiza kuti makina adya tsamba. Anagwada, n'kutsegula zitseko zonse ndi zigongono, n'kusuzumira paliponse. Munalibe kanthu. Anasindikizanso. Masamba asanu ndi anayi analowa, asanu ndi anayi anatuluka, koma anthu anali omwewo: 50 polowa, 38 potuluka. Pepala lachiwiri chimodzimodzi. Pepala lachitatu linangoyambira pa 38 pomwepo, ngati enawo sanabadwe.

Anatenga kamulu ka wamagalasi kaja, kamene anali atayamba kale kuikirapo kapu ya tiyi. M'pepala limodzi munali timabokosi tolumikizana ndi timivi. Anayamba 30, anamaliza 24. Otsalawo aliyense anali ndi kabokosi kake: awiri mankhwala anawavuta m'chiwindi, mmodzi anatenga pakati, awiri anasamuka, mmodzi anangokana. Ndipo kumapeto dokotalayo analemba yekha, osachita manyazi, kuti mwa omalizawo asanu ndi awiri sanasinthe n'komwe.

Madzulo a Dalaivala anawapeza pakhonde, mapepala pamiyendo.

"Mwasaina, amayi?"

"Abambo, mukanyamula anthu makumi asanu m'basi, n'kufika nawo 38, mabwana anu angati chiyani?"

"Ine sindiyendetsa basi."

"Tayankhani."

"Ena amatsika panjira, nanga n'zachilendo?"

"Amatsika okha, kapena amagwa?"

A Dalaivala anavula chipewa n'kuchikung'untha pabondo. "Inu amayi, munthu uja ali ndi mapepala handiredi ndi kanthu. Inu pepala lanu ndi la ubatizo lokha. Mawa mukangosaina, musakandichititse manyazi. Mukufuna bwana wanu akuchotseni, muzikhala pano n'kumawerenga nyerere?"

Mayi anayang'ana chala chawo chapakati, chimene chinali chitayamba kupendekera kwa chinzake. Amuna awo ankanena zoona ndithu. Popanda jakisoni, mwina ntchito ithe. Ndi milungu inayi yopanda mapilitsi, mwina zala zomwe zithe.

Lachisanu anafika cha m'ma 3 koloko. Chikepe chinali chitafa, choncho anakwera masitepe, mayi atakumbatira mapepala atatu aja pachifuwa. Anadikira pabenchi mphindi makumi atatu. Poitanidwa, wotchi ya pakhoma inali itatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane 4.

"Eya, amayi athu a fotokope," anatero pulofesa, akutsegula kabati. "Fomu ija mwabwera nayo?"

"Tabwera nayo, bwana, tabwera nayo," a Dalaivala anathamangira kuyankha. "Angotsala kuika dzina."

Mayi anayala mapepala patebulo.

"Adokotala, mundikhululukire, ine sukulu sindinapite patali. Pali pamene ndasokonezeka. Apa mwalemba 50. Apa 38. Khumi ndi awiriwa anapita kuti?"

Pansi pa tebulo nsapato ya a Dalaivala inawaponda chala chakuphazi. Mayi anangosuntha mwendo.

Pulofesa anamwetulira kumwetulira kwa munthu wofunsidwa njira ndi wamisala. "Mwazitenga kuti zimenezi?"

"Pa kompyuta. Dzina lanu ndi ili."

"Amayi, m'kafukufuku aliyense anthu ena samaliza. N'zodziwika. Chachikulu n'chakuti mwa amene anamaliza, ambiri anapeza bwino kwambiri. Onani apa."

"Apo ndaona, ndipo ndasirira. Koma inetu sindikudziwa ngati ndidzakhale mwa 38 kapena mwa enawo. Anasiya chifukwa chiyani? Anadwalika?"

"Amayi," ananong'ona a Dalaivala, thukuta lili pamphuno, "abwana ali ndi anthu ena panja."

"Ali ndi ine mkati muno."

Pulofesa anakoka pepala lija, n'kuvala magalasi, n'kutsegula masamba uku ndi uku. Anafika kumapeto, n'kubwereranso poyamba. Khosi lake linayamba kusefukira pa kolala. Anatembenukira pa kompyuta n'kudinadina kwa nthawi. Wotchi inati kwatsala mphindi khumi.

"Anayi anasiya m'milungu yoyamba," anatero, maso ali pa kompyuta. "Nthenda inawakulira atasiya mankhwala awo akale, ndiye tinawabwezera. Mmodzi anachita zidzolo."

"Anayi aja zala zawo zinabwerera?"

"Pano sizinalembedwe."

"Ndiye asanu amenewo. Asanu ndi awiri enawo?"

"Sanabwerenso."

"Munawafunafuna?"

"Ntchito imeneyo inali m'manja mwa ophunzira anga. Amene ankasunga mayinawo anamaliza maphunziro, anachoka." Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Mawu ake anatsika, ndipo pamenepa tim'patse ulemu wake, sananame. "Sindikudziwa, amayi. Zinayenera kulembedwa, sizinalembedwe. Koma mankhwalawa ndimawakhulupirira. Ndaona anthu obwera atanyamulidwa akubwerera okha wapansi. Mukalola malowa apite, sindikulonjeza kuti adzapezekanso."

Anakankhira fomu patsogolo pawo, n'kuikapo cholembera chake chasiliva.

Mayi Fotokope anachitola. Kuti achigwire bwino anachita kuchipanikiza ndi zala zitatu, ululu n'kuthamanga mpaka m'chigongono. Anaganiza za bwana wa shopu ndi manja ake a m'thumba. Anaganiza za munthu wobwera atanyamulidwa n'kubwerera wapansi, ndipo mtima unafunitsitsa, asakunamizeni munthu. Nsonga ya cholembera inafika pamzere.

"Mwa asanu ndi awiri aja," anatero mayi, osadzutsa mutu, "palibe ngakhale mmodzi amene muli ndi nambala yake ya foni? Ndimufunse ndekha."

Pulofesa anayang'ana kompyuta, kenako wotchi, kenako mayiwo. "Ngakhale ikanakhalapo, malamulo sandilola kukupatsani. Koma palibe."

Mayi anagoneka cholembera pambali pa fomu, n'kusonkhanitsa mapepala awo atatu, n'kuwagogoda patebulo kuti m'mbali mulingane.

"Zikomo, adokotala. Mukadzawapeza, mudzanditumizire mawu. Ndili pa geti la koleji."

Potsika masitepe a Dalaivala anali patsogolo masitepe asanu, akuyankhula ndi khoma. "Handiredi ndi kanthu! Munthu wa handiredi ndi kanthu, kumufunsa ngati wakuba nkhuku!" Atafika pansi anaima n'kudikira, n'kuwalanda chikwama akazi awo mosawayang'ana, poti ankadziwa kuti chikuwapweteka paphewa.

Lolemba mayi anabwerera kwa dokotala wamkazi uja wamagalasi, amene anamvetsera nkhani yonse osaseka, osanyoza mnzake, n'kuwawonjezera mtundu wina wa mapilitsi pa akale aja. Nyengo ya mayeso inafika. Bwana wa shopu anawachotsa pomanga mabuku n'kuwasiya pa makina okha, masiku atatu pa sabata, ndipo mayi analira m'chimbudzi cha shopu, madzi atatsegula kuti asamveke. Chala chapakati chija chinapendekera ndithu, koma zinazo mpaka lero zikugwira. Malo aja anatenga mayi wina wogulitsa nsalu, ndipo akuti akupeza bwino, nkhani imene a Dalaivala amaibweretsa patebulo kawiri pa sabata. Ngati jakisoniyo akanawachiritsa Mayi Fotokope kapena kuwapundula, palibe akudziwa, ngakhale inu odziwa zonse.

Mayiwa anafunsa kumene kunapita anthu khumi ndi awiri, anauzidwa za asanu okha, ndiye sanasaine.